Galaji ya Mlamu wa Bwana Kaphwiti

Nkhani iyi ndinaimva ku Balaka, masiku aja ndinkangoyendayenda pa malole.

Bwana Kaphwiti, mwini sitolo yaikulu, anagunda kagalimoto ka Mayi Esinati ogulitsa tomato, chitseko n'kupindika. Benzi ya bwanayo nayonso inaphwanyika kutsogolo.

"Ndilipira," anatero bwanayo pamaso pa wapolisi, "koma mukakonzetse kwa mlamu wanga basi."

Mlamuyo ankadziwika Balaka yense. M'malo mowongola galimoto, ankangomata phala lobisira zopindika pachitsulo, mvula ikagwa penti n'kumatuka.

Mayi Esinati anagwada. "Zikomo bwana. Koma kwathu wamng'ono sayamba kusamba m'manja akulu alipo. Benzi yanu iyambe kulowa kwa alamuwo, kanga katsatire."

"Benzi yanga?" bwana analumpha. "Kwa ameneuja? Mukufuna andiphere galimoto? Uja ngakhale wilibala sangawongole!"

Wapolisi anasiya kulemba, n'kuyang'ana bwanayo.

"Mwadzimvera nokha, a polisi," anatero mayiwo akusasa fumbi m'mawondo. "Mwini galimoto ndiye amasankha galaji. Ine ndasankha komwe ikupita Benziyo."

Bwana anagonja. Magalimoto awiriwo anakonzedwera pamodzi ku Limbe.

Iii, kwayamba kuda. Ndipatsireni chikwama changacho, basi ya ku Ntcheu siyembekeza munthu.