Ndowa Ziwiri za Che Mdoka

Che Mdoka anafika kwa Shehe Swaleyi dzuwa lili paliwombo, fumbi la lole yawo litaphimba Namwera yense mpaka nkhuku zinakwera m'mitengo poyesa kuti kwada. Musaseke. Lole imeneyo ine ndinaiona ndi maso angawa, maso oti amawerenga nthiti za udzudzu uli ku Mandimba. Kutalika kwake, mutu ukamalowa ku Mozambiki Lachisanu, matayala akumbuyo amakhala akadali kuno Lachinayi.

Koma tsikulo lole inali mbee, yopanda ngakhale thumba limodzi la nandolo.

Kwa zaka zambiri Che Mdoka ankadutsa malire ndi feteleza ndi mchere, n'kubwerako ndi nandolo. Chaka chimenecho alimi a kutsidya anawakana. Amayi a kumeneko, motsogozedwa ndi Abiti Lajabu, anangokhala pa matumba awo n'kunena kuti bola nandoloyo adyedwe ndi anankafumbwe. Ndipo wogula wamkulu wa ku Limbe anali atanenetsa kuti lole ikabweranso yopanda kanthu, Che Mdoka aiwale njira ya kumeneko.

Anawapeza Shehe ali pamkeka, akusoka chigamba pa mkanjo wawo.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Waalaikumu salamu, Che Mdoka. Khalani, mkeka ndi wanu."

Che Mdoka anakhala, koma mimba ndi mtima zinakana kupinda.

"Shehe, mumandidziwa. Malata a mzikiti uwu anabwera pa lole yanga."

"Timawamva mvula ikamagwa," anatero Shehe. "Satopa kutikumbutsa."

"Ndabwera ndi pempho. Anthu a kutsidya aja, theka lawo anaphunzira kuswali pamkeka uno. Mukwere nane mukangonena mawu awiri, nandolo alowa yekha m'lole. Ine kubwerera ayi. Kaya mlatho ukokoloke, kaya kugwe matalala ngati maungu, ndidutsa ndipo ndibwera naye nandolo ameneyo."

"Mtima wotere ndi wabwino. Koma akukukanirani chiyani?"

"Nsanje, Shehe! Ndi pakamwa pa Abiti Lajabu. Akuti ndowa zanga..." Apa Che Mdoka anatsokomola, mawu otsalawo n'kuwameza.

Shehe anayang'ana dzuwa, n'kubaya singano pa mzuli wawo.

"Nthawi ya swala yayandikira, ndipo mtsuko wa pamzikiti unasweka. Tibwerekeni ndowa zanuzo titungire madzi otawazira, osamba tisanapemphere. Zonse ziwiri."

Mtima wa Che Mdoka unagunda ngati mtondo wa anthu atatu. Ndowazo zinali zamapasa, zonse zobiriwira, zogulidwa tsiku limodzi. Koma yogulira nandolo anali ataiviika m'madzi owira n'kuisinja ndi musi m'kati mpaka inatupa mimba. Ine ndinapezamo mbuzi itagona ndi ana ake awiri, malo n'kutsalabe. Yogulitsira feteleza anali ataikhoma kunsi kuti pansi pake pakwere m'kati, moti mphaka akamamwamo madzi ndevu zinkagunda pansi. Kukana sakanatha. Munthu amene wangodzitama ndi malata angamane bwanji mzikiti ndowa?

Shehe anapita okha pamjigo. Anadzaza yogulira mpaka m'milomo, anainyamula pang'onopang'ono, n'kuikhuthulira mwa inzake patsogolo pa mlendo wawo. Yaing'onoyo inadzadza msanga, koma madzi sanaleke kutuluka. Anasefukira pa nsapato zachikopa za Che Mdoka zogula ku Nampula, anadutsa pabwalo, anatsetsereka kumunsi. Dambo limene anthu amalimapo mpunga kuseri kwa mzikitiko linayamba tsiku limenelo, kafunseni aliyense.

"Pepani nsapatozo, bwana," anatero Shehe. "Ukalamba. Ine ndimayesa ndowa ndi ndowa basi."

Che Mdoka anayang'ana masokosi awo onyowa. Manyazi anawagwira, koma iwo sanali munthu wogwa ndi chibakera chimodzi.

"Shehe, inu ndi munthu wa mabuku, malonda ali ndi njira zake. Msewu uja umadya matayala. Mafuta akwera. Kapamwamba kameneko ndiko kamayendetsa lole. Ndiponso kutsidya ndi dziko lina. Kuno kwacha, uko metikali. Mbendera ina, malamulo ena."

"Dziko lina, zoonadi," anavomera Shehe. "Nanga Abiti Lajabu akamaswali amayang'ana kuti?"

"Ku kibula, kumene tonse timayang'ana popemphera."

"Kibula yawoyawo ya kutsidya?"

Che Mdoka anayankha motsitsa, "Yomweyi, Shehe."

Mphepo inadutsa. Che Mdoka anaganiza za lole yopanda kanthu, za bwana wa ku Limbe, za Abiti Lajabu atakhala pathumba manja ali m'chiuno. Anakukuta mano.

"Ndiye mwandikana?"

"Wakana ndani? Ndikwera nanu tikangoswali. Ndikawapatsa moni ana anga, ndikawauza kuti Che Mdoka abwera ndi malonda. Koma kutsogolo kwa lole n'kopanikiza, ndipo miyendo yanga ndi yokalamba. Ndinyamula ndowa imodzi yokha. Yomweyo mukagulire nandolo, yomweyo mukagulitsire feteleza, Abiti Lajabu akuona."

Che Mdoka anaimirira pakati pa ndowa ziwirizo. Anagwira yaikulu, n'kuona feteleza wawo akupita ngati mchenga wa kumtsinje. Anagwira yaing'ono, n'kuona nandolo akulowa m'lole ngati mankhwala a m'maso. Thukuta linatsika mpaka ndevu zinayamba kudontha. Koma kubwerera anali atalumbira kuti sabwerera.

"Chabwino, Shehe. Ndipita ndi imodzi, zivute zitani. Koma ndisankhireni inu, ine mutu waima. Yachilungamo ndi iti pamenepa?"

Shehe Swaleyi anapinda manja a mkanjo, ananjuta pafupi ndi madzi, n'kunena Bisimila.

"Iliyonse, Che Mdoka. Yaikulu ikakhala yokha siiba munthu. Yaing'ono ikakhala yokha siiba munthu. Mbava ndi yachiwiriyo. Imeneyo muisiye pano, mzikiti ulibe mtsuko."