Duwa Yotchula Twaibu

Tsiku lina itatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo lija, kwa Shehe Likonde ku Ntaja kunafika a Jafali, eni golosale ya pamsika. Ine ndinali pomwepo, poti masiku amenewo ndinkaphunzitsa pa madrasa awo. A Jafali si munthu wokhala pamkeka, amaopa kudetsa thalauza, koma tsikulo anangoti khwatha!

Atapatsana salamu, anati: "A Shehe, ndabwera kudzatsanzika m'malo mwa bambo anga. Loweruka ndikukawasiya kwa achemwali ku Liwonde. Ine ndatopa."

Bambo awowo, Che Bwanali, ukalamba unali utawasokoneza mutu, moti ana awo omwe sankawazindikiranso.

"Kutopa si tchimo," anatero Shehe mofatsa. "Chakulemetsani n'chiyani, kuchapa kapena kusagona?"

"Zimenezo ndinazolowera. Kuwasambitsa ndine, kuwameta ndine, akadziyipitsira wopukuta ndine. Koma ndikamaliza amakweza mawu, amvekere, 'Allah, m'dalitseni Twaibu mwana wanga, wandisambitsa.' Twaibu! Mng'ono wanga amene anachona ku Joni, ngakhale foni sayimba! Inu nomwe munatiphunzitsa kuti duwa ya kholo, pemphero lake kwa Allah, sibwerera chabe. Ndiye ndizilima ine, wokolola wina?"

Kunena zoona, mtima unandiwawa. A Jafali ndinkawaona ngati munthu wodzimva, osadziwa kuti akudyeka m'kati chonchi.

Shehe, maso ali pansi, anati:

"Zomwe ndikudziwa ine n'zochepa, choncho ndiloleni ndifunse. Akamapempha duwayo, manja awo amakhala pati?"

"Amagwira anga," anayankha a Jafali. "Amachita kuwafinya, mpaka ndidzimasule ndekha."

"Tsiku lililonse?"

"Salephera."

Apo Shehe anadzutsa nkhope, nati: "A Jafali, amene ayiwala mayina ndi bambo anu, osati Allah. Iye sasowa kuuzidwa kuti wasambitsa nkhalamba ndani. Ndipo ngati kambali kena ka duwayo kangamupeze Twaibu komwe aliko, musamumane, akukasowa kuposa inu. Ngati thupi lanu latopa, kapumeni, achemwali anu nawonso ndi mwana wawo. Koma ngati mukuwachotsa bambowo chifukwa cha dzinali, dziwani kuti ku Liwonde adzatchulabe Twaibu yemweyo. Chosintha n'chimodzi: manja amene adzagwire sadzakhalanso anu."