Chidindo cha Phazi la Nkhuku

Kalekale, koma osati kale lenileni ayi, kale loti sitima zapamadzi zinali zitayamba kuyenda, kunali kadziko kakang'ono koti ukanyamuka m'mawa, dzuwa lisanalowe wafika kumalire. M'kadzikomo munali mayi wina wamasiye, dzina lake Nangozo, mlimi wa vanila.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'anizana. Vanila ndi chomera choyanga m'mitengo ngati chilazi, ndipo chimabala zitheba zazitali. Zithebazo zikaumitsidwa bwino zimada bii, n'kumanunkhira moti anthu a kutsidya kwa nyanja amazilimbirana kuti aziika m'makeke. Si ndiwo ayi, musayerekeze.

Nangozo anali ndi chidindo chake, kathabwa kokhomedwa masingano, kodinda ngati phazi la nkhuku. Zitheba zikadali zaziwisi kumtengo ankazibaya nacho chimodzichimodzi, kuti wakuba asowe kokagulitsa. Chizindikirocho sichifufutika ngakhale chitheba chiume. Tsono mwambo wa kumeneko unali woti mwini chidindo ndiye mwini munda, ndipo chidindo sachidula pakati.

Chaka china manja a Nangozo anayamba kunjenjemera, moti ndi supuni yomwe inkafika kukamwa phala litatayika. Anaitana ana ake atatu: Mwatitha woyamba, Kambani wamwamuna, ndi Ndaziona mzime.

"Ana inu, manja andikana," anatero. "Chaka chino ndibayabe ndekha mokhotakhota momwemo, koma ndi komaliza. Amene apulumutse vanila wa chaka chino, chidindo n'chake, munda n'ngwake."

Woyamba kugwira ntchito anali Mwatitha. Njuchi za m'dzikomo duwa la vanila sizilidziwa, choncho munthu amakwatitsa maluwawo ndi dzanja. Amatenga munga wa ndimu, n'kutukula kakhungu kam'kati mwa duwa, n'kufinya pang'ono kuti mungu ukhudze pofunika. Ndipo duwalo n'lamatama bwanji! Limatseguka m'mamawa, pofika masana lafota, osatsegukanso mpaka kalekale. Miyezi iwiri yathunthu Mwatitha ankalawirira m'munda, mame m'miyendo, linthumbu kumusosola. Pa ukwati wa mnzake wapamtima anafika anthu akutsuka mbale. Atamudandaulira, iye anangoti, "Pepa mnzanga, ndinali ndi maukwati mazana atatu m'mawa uno." Kuyambira pamenepo anthu anamutcha nkhoswe ya maluwa, ndipo mitengo inalemera ndi zitheba.

Kenako inafika nthawi ya Kambani. Mphekesera zitamveka kuti mtengo wogulitsira vanila ugwa, alimi anzawo anathamangira kuthyola zitheba zosakhwima. Kambani anakana. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero, mpaka nsonga za zitheba zinayamba chikasu. Atathyola anaziviika m'madzi otentha koma osawira, n'kuzifunditsa mabulangete kuti zichite thukuta, n'kumaziyanika padzuwa tsiku ndi tsiku. Ndiye kunabwera mvula yamvumbi, masabata awiri dzuwa osaoneka, ndipo chuku chinayamba kuyera pazitheba. Kambani anakhala pansi n'kumapukuta chitheba chilichonse ndi kansalu. Mabulangete atanyowa anapita kuchikamwini kwake n'kukatenga onse a m'nyumba, ndi la mphatso ya ukwati lomwe. Mkazi wake anamulondola mpaka pakhomo pa apongozi, mkono m'chiuno.

"Abambo, tandiuzani, munakwatira ine kapena zithebazi?"

Koma Kambani bulangete sanabweze. Vanila anauma wakuda bii, wofewa woti ukhoza kumukulunga pachala osathyoka, fungo lake mpaka kumsewu.

Fungolo ndi lomwe linaitana venda wina dzina lake Gwedeza. Anafika ndi sikelo yake, nkhope yakugwa ngati akuchokera kumanda.

"Mayi," anatero, "kunja mtengo wagweratu. Vanila sakumufunanso. Kilogalamu ndikupatsani ndalama ya nkhuku imodzi, ndipo apa ndikungokumverani chisoni."

Nangozo mtima unamupweteka kwambiri, pakuti kunjako anali asanapondeko ndipo analibe chomutsutsira. Mwatitha ndi Kambani anayang'anizana. "Amayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero Kambani. Nangozo anavomera, ana awiriwo n'kuyamba kukweza mabokosi pagalimoto ya Gwedeza.

Nanga Ndaziona? Ameneyu khasu anali asanaligwirepo chibadwire. Ankaphika makeke pahotela ina kudoko, ndipo abale ake ankamuseka kuti manja ake ndi a ufa. Sabata yomweyo abwana ake anagula kabotolo kagalasi kochokera kunja, m'kati mwake muli zitheba ziwiri zokha, mtengo wake wa mbuzi yathunthu. Ndaziona potsegula anaona timadontho pachitheba. Anapita nacho pawindo, n'kuyang'anitsitsa. Phazi la nkhuku! Anali vanila wa amayi ake wa chaka chatha, amene anapita kunja pamtengo wozizira, wabwerera kwawo atakwera mtengo ngati wachilendo. Anabwereka kabotoloko, n'kukwera lole ya makala, ndipo anafika pakhomo ali mbuu, bokosi lomaliza lili paphewa pa Kambani.

"Tsitsani, achimwene! Tsitsani!"

Anaika kabotolo m'manja mwa amayi ake n'kuwauza mtengo wake. Nangozo anayang'ana phazi la nkhuku lija, n'kuseka mpaka misozi. "Ogo! Ana anga a m'mundawa anachoka pano ali maliseche, abwera atavala galasi!"

Ndaziona anatembenukira kwa venda uja. "Bambo, ngati kunja sakumufuna, bwanji akumutumiza kuno pamtengo wa mbuzi?"

Mabokosi onse atatsitsidwa pagalimoto, Gwedeza anakumbuka mwadzidzidzi kuti kwawo kuli matenda, ndipo analiza galimoto sikelo ataiiwala pakhonde. Ndaziona anatenga mabokosi aja n'kupita nawo yekha kudoko, kwa amalonda otumiza katundu kunja. Woyamba atatchula mtengo wochepa, Ndaziona anangoimika kabotolo kaja patebulo, kenako n'kunyamuka nako. Wachiwirinso chimodzimodzi. Wachitatu ananunkhiza, n'kuona chidindo, n'kuti, "Phazi la nkhuku ili timalidziwa, khalani pansi mayi." Chaka chimenecho nyumba ya Nangozo inafoleredwa malata, m'khola munalowa ng'ombe, ndipo mkazi wa Kambani analandira mabulangete awiri atsopano n'kuyambanso kupereka moni.

Tsono tsiku la chidindo linafika, ndipo mpamene panayambika phokoso.

"Popanda munga wanga, iwe Kambani ukanaumitsa chiyani?" anatero Mwatitha. "Masamba?"

"Achemwali, chitheba chachiwisi sichinunkhira kanthu, ndi mbuzi yomwe imachilambalala," anayankha Kambani. "Fungo lija ndinaliika ndine, banja langa litatsala pang'ono kutha."

Ndaziona anaseka. "Inu nonse awiri munali mutapereka kale thukuta lanu kwa a Gwedeza pamtengo wa nkhuku."

"Iwe khala chete," anatero Mwatitha. "Ukapatsidwa munda, duwa ukalidziwa kumene layang'ana?"

"Nanga inu mukapatsidwa, doko mukalidziwa kumene lili?"

Nangozo anakweza dzanja lake lonjenjemera, onse n'kukhala chete. Anawayang'ana mmodzimmodzi, chimwemwe ndi chisoni zitamugwira pamodzi, pakuti onse anali ake ndipo onse ankanena zoona. Kudikira sakanathanso ayi. Zitheba zatsopano zinali zitatalika kale m'munda, zosabayidwa, ndipo m'mawa womwewo anali ataona mapazi achilendo kumphepete kwa mpanda. Wina anayenera kulowa m'mundamo mawa lake, chidindo chili m'manja.

Ine pamenepo ndinachokapo, sindinafune kuti andiike ukhoswe. Ndiye ndabwera nayo kwa inu nkhaniyi, ndipo musangonditong'olera maso. Wina anakwatitsa maluwa, wina anasandutsa chitheba kukhala vanila, wina anapeza mtengo wake weniweni. Chidindo n'chimodzi, ndipo manja a Nangozo sangachigwirenso. Achiike m'manja mwa yani?