Impso za Eneya

Pachipatala china m'chigwa cha Phalombe, odwala opita ku makina ounikira m'mimba ankapemphera kuti awaunike a Sitima, osati mayi Chikondwero. A Sitima anali a changu: kupaka mafuta pamimba, kuyendetsa kachipangizo kamodzi, basi wotsatira alowe. Mayi Chikondwero ndiye ankachita ngati akusankha mpunga pa lichero.

Eneya, mlimi wamfupi wa ku Mkhumba, anapita kumeneko msana ukumuwawa. Mkulu wake anali atamwalira ndi impso chaka chomwecho, choncho ankaopa kuti nayenso ndi impso. Anakondwa atagwera kwa a Sitima.

“Masentimita asanu ndi atatu,” anatero a Sitima, maso ali kale pakhomo. “Impso yafota imeneyi, bambo. Mubwerenso mwezi wamawa.”

Eneya anabwerera ngati wochokera kumanda. Mvula inagwa, anzake anayamba kuwokera mpunga, iye ali gone pamkeka. Mbande zinakulira pa nazale. Mkazi wake Princess anachonderera mpaka malovu kuuma.

“Ndiwokere kuti akolole ndani?” ankayankha. “Achimwene anayambanso chonchi.”

Mwezi utatha Princess anachita kumukokera kuchipatala, ndipo ulendo uno anagwera kwa mayi Chikondwero. Mayiwa anali atatha zaka ziwiri akuyeza impso za anthu opanda matenda, aphunzitsi, akabaza, amayi a pamsika, kuti adziwe kukula kwake kwenikweni pakati pa anthu akuno. Anayamba ndi kumuyeza msinkhu ndi kulemera.

“Gonerani mbali iyi, achimwene. Kokani mpweya. Gwirani pomwepo.”

Anayeza katatu kumanja, katatu kumanzere. Panja wina anakuwa, “Kodi mukuphika nyemba m’menemo?” Iwo sanatembenuke n’komwe.

“Impso ili ngati chinangwa,” anatero. “Mukachidula mopingasa chimaoneka chachifupi. Yakumanja ndi masentimita asanu ndi anayi ndi theka, yakumanzere khumi. Kwa munthu wa msinkhu wanu, n’zabwinobwino. Tiyezabe mkodzo ndi magazi, koma za msanawo ine ndikukayikira khasu.”

Zotsatira zinabwera zoyera. Eneya anakhala pabenchi, nalira misozi imene anaibisa pa maliro a mkulu wake. Mayi Chikondwero sanamuthamangitse. Anadikira, ngakhale mzere unali utafika pamtengo wa mango.

Kumunda anapeza mbande zambiri zitakalamba. Iye ndi Princess anawokera zimene zinatsala, ndipo chaka chimenecho anakolola theka la masiku onse. Mphindi ziwiri zimene a Sitima anapulumutsa zinadya nkhokwe ya mwini.

Masiku ano munthu akadandaula kuti mzere wa mayi Chikondwero sukuyenda, Eneya amamuuza kuti akhale pansi, chifukwa kuona maso a nkhono n’kudekha.