Bondo la Radoje pa Ukwati wa Dunja

Kunyumba kwa Radoje, kumapiri a ku Užice, nkhani ya bondo inali ndiwo ya tsiku lililonse. Bamboyu ndiye ankatsogolera gule wa kolo pa maukwati onse a m'mudzimo, kansalu m'mwamba, mzere wa anthu ogwirana manja pambuyo pake. Mtsempha wa m'bondo lake unadukapo kale, madokotala n'kuikapo wina wochotsa kuseri kwa ntchafu. Tsopano unali utadukanso, chonsecho mwana wake yekhayo, Dunja, ankayembekezeka kukwatiwa anthu akakolola zipatso za maplamu.

"Njira zilipo ziwiri," anatero dokotala. "Titha kudula mtsempha pa bondo lanu labwinolo. Muvutika miyendo yonse, koma ndi thupi lanu, udzalimba. Kapena tiike wa munthu amene anamwalira atapereka ziwalo zake. Ndi umenewu muyenda msanga, koma umanyenga, umachedwa kugwirana ndi fupa. Kwa wovina ngati inu, ndikadasankha wanu womwe."

Mwa mawu onsewo, Radoje anatolapo awiri okha: muyenda msanga.

"Bambo a Dunja, makutu munawasiya kunyumba?" anafunsa mkazi wake, Milunka, ali m'basi.

"Mwendo wabwino ndatsala nawo umodzi, ndiye auchekenso? Iai. Mwana wanga sangavinitsidwe ndi amalume ake ine ndili moyo."

Anamuikadi mtsempha wa malemu uja. Posakhalitsa ndodo anataya, n'kuyamba kudumphadumpha kuseri kwa khola akuyesa palibe womuona.

"Mwini mtsemphawu anali katswiri wa mpira, ndikumva m'thupimu," ankadzitama.

"Kapena anali wansembe wosavinapo chibadwire," Milunka ankamuyankha, uku akumuika thaulo lozizira pa bondo. Mtima wake sunali m'malo, koma munthu wake ankamudziwa.

Tsiku la ukwati malipenga analira, nkhumba yowotcha ikutembenuzidwa pamoto. Radoje anagwira dzanja la Dunja, kansalu m'mwamba, mzere n'kunyamuka. Kunena zoona, mkuluyu ankavina mokoma. Koma atanjuta n'kudumpha monga mwa nthawi zonse, bondo linangoti phwa! Anakhala pansi, malipenga n'kuti zii.

Misozi inatsika, osati ya ululu ayi, koma ya manyazi. "Ndakuonongera tsiku, mwana wanga."

"Ababa, ine ndimafuna inu, osati miyendo yanu," anatero Dunja, atagwada m'fumbi ndi diresi lake loyera.

Milunka anaitanitsa mpando, n'kumukhazika mwamunayo pakati pa bwalo. Anamulanda kansalu kaja, natsogolera yekha gule, mzere wonse ukuzungulira Radoje mpaka anayamba kuomba m'manja akuseka.

Podutsa pafupi naye, mayiyo anawerama. "Ulendo uno akadula mtsempha wanu womwe, ndipo kwa dokotala ndikayankha ndine."

Radoje anangogwedeza mutu. Anali atadzionera yekha kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.