Mpando Umodzi wa Ndaziona

Kalekale, koma osati kale la agogo athu ayi, kale la dzana lomweli, kunali mtsikana wina dzina lake Ndaziona. Makolo ake anamwalira motsatizana iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Abale amene anabwera kudzagawana mipando ndi mbale anagawana zonse bwinobwino, koma mwana yekha anamuiwala. Choncho a ofesi yoona za ana anamutenga n'kukamupereka kwa mayi wina wa ku Ntcheu, a Nasibeko, amene ankalera ana a eni m'nyumba mwawo.

Anakula bwino, koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamubaya mumtima chaka ndi chaka. Tsiku la makolo kusukulu, anzake ankaloza kuti, "Awo ndi amayi anga." Iye ankangoyang'ana pansi, chifukwa a Nasibeko ankakhala ali kumsika kugulitsa kabichi kuti ana asanu apeze chakudya. Ndaziona ankalakalaka tsiku limodzi lokha loti munthu adzaimirire pagulu n'kunena kuti uyu ndi mwana wanga.

Ali Fomu 2 anatenga mimba. Mwini wake wa mimbayo anasowa osatsanzika, ndipo ameneyo sitimutayira nthawi. Tikambe za anthu atatu amene anatsala.

Oyamba anali a Nasibeko. Atamva nkhaniyo anapsa mtima koopsa, n'kumuponyera zovala pabwalo. "Ndinakutenga kuti ndikulere, osati undibweretsere wina. Choka!" Ndaziona anakhala masiku asanu ndi atatu pakhonde la chigayo, akudya zimene anthu ogayitsa ankamuponyera. Tsiku lachisanu ndi chinayi a Nasibeko anabwera okha, maso ali otupa. Anamasula chitenje chawo n'kumufunditsa. "Tiye kwathu, mwananga. Ndinalakwa." Mwana atabadwa, wamkazi, anamutcha Tikhale, ndipo kuyambira pamenepo malo ake anali kumsana kwa a Nasibeko. Ankapita naye kumsika, dzuwa ndi mvula. Ndaziona atabwerera kusukulu, nthawi yopuma ikakwana mayiwa ankasiya kabichi wawo n'kuyenda ulendo wonse mpaka kumpanda wa sukulu kuti khanda liyamwe. Anatero tsiku lililonse kufikira mwana ataleka kuyamwa, ndipo anapitiriza kumulera zaka zisanu ndi chimodzi. Msana wawo unapindika ndipo sunawongokenso. Komabe Ndaziona akadutsa pachigayo paja, mtima unkamuwawa ngati zachitika dzulo.

Achiwiri anali a Chikadza, mphunzitsi wa masamu, munthu wouma pakamwa amene sankadziwa kuseka ndi ana. Iwowa ndiwo anabwera kunyumba katatu kudzanena kuti mtsikanayu abwerere m'kalasi. Komiti ya makolo inakana. "Atiwonongera ana athu ameneyu," anatero. A Chikadza anaimirira okha pamsonkhanowo, nawerenga lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo sanakhale pansi mpaka komiti inagonja. Mukudziwa mmene anthufe tilili. Pasanathe mlungu, mbiri inawanda kuti munthu sangalimbikire chonchi pachabe, mimba ija iyenera kuti inali yawo. Linali bodza lamkunkhuniza, koma akazi awo anapita kwawo miyezi inayi, ndipo udindo wa mphunzitsi wamkulu umene ankayembekezera unapita kwa wina. Ngakhale zinali choncho, Loweruka lililonse ankamuphunzitsa Ndaziona pansi pa mtengo wa mango, poonekera kuti aliyense aone, mpaka anakhoza Fomu 4. Koma ndi iwo omwewa amene tsiku lina, mwana atalira pakati pa phunziro, ananena kuti, "Kamupereke kosungira ana amasiye. Sukulu ndi khanda siziyendera limodzi." Anauza zimenezi mwana wamasiye. Mawu amenewo Ndaziona sanawaiwale.

Wachitatu anali Zelifa, mlangizi wa achinyamata amene abereka akuleredwa m'nyumba za eni. Nayenso anakulira m'nyumba ya eni. Anamupeza Ndaziona atataya mtima, chifukwa ngakhale anakhoza, sanasankhidwe kupita kuyunivesite, ndipo anali atavomera kale kukakhala mkazi wachiwiri wa bambo wina wamkulu wa golosale. Zelifa sanamudzudzule. Anangoyang'ana kudenga kwa chipinda cha mtsikanayo, kumene kunali kababu kolumikizidwa ku batire lakale ndi tiwaya totolatola.

"Analumikiza ichi ndani?"

"Ndine, achemwali. Ndimangoseweretsa."

"Ndiye manja oterewa ukufuna ukawagwiritse ntchito yoyeza shuga m'golosale ya mwini?"

Anamutengera kusukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira zamagetsi. Anamuthandiza kulemba mafomu, n'kumuyeseza mafunso mpaka mtsikanayo anayamba kuyankha molimba mtima. Chaka choyamba Ndaziona analephera mayeso a ntchito yamanja n'kuthawira kunyumba, koma Zelifa anakwera basi, namugwira dzanja n'kumubweza. Anamupezeranso malo ophunzirira ntchito kwa anthu oika magetsi a dzuwa m'zipatala za kumidzi, ndipo anthuwo analonjeza kumulemba akamaliza. Koma m'sabata ya mayeso omaliza, Tikhale anadwala malungo aakulu n'kugonekedwa m'chipatala. A Nasibeko anatumiza uthenga kudzera kwa Zelifa. Zelifa anausunga masiku anayi, mpaka mayeso atatha. Mwana anachira. Ndaziona atafunsa kuti, "Nanga akanamwalira?" Zelifa anayankha kuti, "Ndikanasenza ine mlandu umenewo." Kwa miyezi iwiri Ndaziona sanamuyankhule.

Tsono pasukulu ya ntchito zamanja imeneyo panali mwambo. Tsiku lotsanzika, wophunzira aliyense ankapatsidwa khadi limodzi la kholo, ndipo m'holo, kumbuyo kwa wophunzirayo, ankaika mpando umodzi wa khololo. Dzina la wophunzira likaitanidwa, kholo lija linkaimirira, n'kumumanga lamba wa zida m'chiuno, n'kunena mokweza kuti anthu onse amve: "Uyu ndi mwana wanga. Ndamupereka ku ntchito." Ena onse ankaonerera ali kunja kwa holo, pamawindo.

Ndaziona atalandira khadi lake anapita kwa mkulu wa sukuluyo.

"Bwana, ine ndili nawo atatu."

"Ena pano alibe ndi mmodzi yemwe, mwanawe," anatero mkuluyo. "Lamba ndi mmodzi, chiuno ndi chimodzi. Tikakulola iwe, mawa wina abwera ndi mudzi wonse. Sankha."

Kusankha kunamukanika. Anaganiza zoti akangokhala chete, osauza aliyense za tsikulo, ndiye kuti palibe amene akhumudwe. Apa ndi pamene analakwitsa, pakuti nkhani yabwino siibisika. M'mawa wa tsikulo atatuluka kuchipata, anawapeza onse atatu ataima pamenepo, aliyense atabwera payekha.

A Nasibeko anali atavala chitenje chatsopano, atagwira Tikhale padzanja. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kusiya kabichi kumsika tsiku lonse. "Ine zolembedwa pakhadipo sindingaziwerenge," anatero. "Koma masiku a makolo onse aja ndinalephera kubwera. Lero lokha ndati ndisalephere."

A Chikadza anali atapuma ntchito, tsitsi litayera, atavala jekete yawo yakale. "Sindinabwere kudzapempha kanthu," anatero, koma maso awo anali pakhadi. "Kungoti kwathu kuja alipobe anthu amene amandinong'oneza ndikamadutsa. Ndikanakonda amve kuti ndinaima pagulu, masanasana, ngati kholo lako."

Zelifa ndiye anayankhula pomaliza, motsitsa mawu. "Ndikudziwa kuti unena kuti inali ntchito yanga, ndipo ndinali ndi achinyamata ena makumi atatu owathandiza. N'zoona. Koma ine ndinamaliza pasukulu yomwe ino. Tsiku langa mpando unali wopanda munthu, lamba ndinadzimanga ndekha. Kuyambira pamenepo sindinalowemonso m'holo imeneyi."

Ndaziona anawayang'ana mmodzimmodzi, misozi ili chuchuchu. Popanda a Nasibeko, mwana wake akanamusiya ndi yani, ndipo iye mwini akanathera kuti? Popanda a Chikadza, chitseko cha sukulu chikanatsekeka mpaka kalekale. Popanda Zelifa, bwenzi pano akuyeza shuga m'golosale ya mwini, satifiketi ili m'sutikesi. Aliyense anamupulumutsa, aliyense anatayapo chake, ndipo aliyense anamuvulazapo pamtima. Mtsikana amene anakula akulira kuti alibe womuimirira, lero anali kulira chifukwa omuimirira achuluka.

Belu linalira. Ophunzira anayamba kulowa pamzere, aliyense ndi kholo lake. Mlonda wa pakhomo anatambasula dzanja. "Khadi, chemwali. Mukulowa ndi ndani?"

Ine nkhani yanga yathera pakhomo pomwepo, ndipo mlondayo akadatambasulabe dzanja. Musandiuze kuti alowe onse, mkulu wa sukulu anakana kale. Musandiuzenso kuti mpando ukhale wopanda munthu, pakuti tsiku limeneli Ndaziona analidikira kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsono inu amene mwamva zonsezi, tandiuzani: amange lambayo ndani n'kunena kuti uyu ndi mwana wanga, amene anamulerera mwana, amene anamubwezera kusukulu, kapena amene anamuonetsa ntchito ya manja ake? Ndipo awiri otsalawo, Ndaziona awauze kuti chiyani?