Ndani Adapachika Nsapato Mumtengo?

Atapuma pa ntchito ya uphunzitsi, Mutlaq wa ku Hail, mzinda wa m'chipululu, adagula kalavani, galimoto yokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati mwake. Ankaisamala kuposa mano ake. M'mawa uliwonse ankaipukuta pabwalo, khofi amene mkazi wake Wadha wamukonzera n'kumazizira pamkeka.

Mvula ya mabingu itagwa kumpoto, anthu adayamba kukamba za faga, bowa uja womera pansi pa mchenga. Mutlaq adati apite kukakumba bowayo okha awiri. Wadha adakana.

"Bambo a Nayif, inu mumasochera ngakhale mumsika wa ndiwo. Tipita ndi gulu la a Farhan, apo ayi ine nditsala."

Farhan anali mkulu wouma ngati chikuni. Adakulira kumbuyo kwa ngamila, ndipo tsopano ankatsogolera anthu a m'tauni m'chipululu. Ulendo umenewo anali ndi magalimoto asanu ndi anayi, ya Mutlaq ili kumapeto.

Masiku awiri oyamba Mutlaq adaona chinthu chomwe chidamusowetsa mtendere. Akafika pachigwa chobiriwira cha mitengo ya mthethe, Farhan ankangodutsa osacheuka, n'kukawaimika pamtunda wa miyala, pomwe mphepo inkathira mchenga mumpunga.

"Kodi mkuluyu adayambana nawo mthunzi?" adatero Mutlaq kwa mkazi wake. "Kapena kuli njoka. Kapena abale ake amadyetserako nkhosa. Kapenanso akubisa bowa kuti adzakumbe yekha."

"Akapena anu akwana atatu. Mwini wake ali apoyo, akumwa khofi. Kamufunseni."

"Ine? Zaka makumi atatu ndikujambula mapu a dziko lino pabolodi, lero ndikafunse woweta ngamila?"

Tsiku lachitatu m'mawa, Farhan atatsogola kukaona njira, Mutlaq adakhotetsa kalavani yake n'kusiyana ndi gulu. Adatsetsereka m'chigwa china chachikulu, naima pansi pa mithethe.

Kunena zoona, malowo anali okongola. Udzu unali wofewa, mphepo kunalibe, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atakumba bowa wodzaza beseni. Mutlaq adayala mkeka ngati mwini dziko. Koma maso a Wadha anali m'mwamba. M'nthambi za mitengo, poti munthu sangafikire ngakhale atanyanyamphira, munali mutakodwa udzu wouma, timitengo, ndi nsapato imodzi yakale.

"Bambo a Nayif, nsapato iyo idakwera bwanji mumtengo?"

"Mphepo."

"Mphepo ya kuno imavala nsapato? Nanga udzuwu, bwanji wakodwa mbali imodzi pamitengo yonse?"

"Ndi zisa za mbalame izo, mayi a Nayif. Thirani khofi."

Atatha pemphero la masana, kumwamba kunali mbee. Kutali kumadzulo kokha ndiko kunali kamtambo kakuda kongofanana ndi chikhatho. Kenaka adamva mkokomo ngati malole ambiri akubwera pamodzi, chikhalirecho kumeneko kulibe msewu. Adaimirira, nayang'ana kumtunda kwa chigwa. Choyamba kudabwera thovu, likukwawa ngati njoka, likukankha zinyalala ndi ndowe za ngamila. Kumbuyo kwake kunali madzi ofiira, odzaza chigwa chonse.

Mutlaq adathamangira kukaliza injini. Madzi oyamba anali atafewetsa kale dothi, matayala adangozungulira pamalo amodzi. Wadha adamugwira mkanjo n'kumukoka.

"Tsikani! Ndidakwatiwa ndi inu, osati chitsulochi!"

Adakwera mtunda mokwawa, madzi akuwanyambita zidendene. Ali pamwamba adaona kalavani ija ikutembenuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokana kupita kumsika, mpaka idakakanirira pakati pa mitengo iwiri, madzi akulowera m'mawindo. Mutlaq adatambasula dzanja kumwamba. Silidanyowe ngakhale ndi dontho.

"Koma mvula sinagwe," adatero. "Achokera kuti madziwa?"

Yankho lidabwera pa galimoto ya Farhan. Mkuluyo ataona kamtambo kaja adawerenga anthu ake, napeza magalimoto asanu ndi atatu, ndiye adalondola mapazi a matayala. Adawapatsa madzi akumwa kaye asanalankhule.

"Aphunzitsi, mvula imagwa kumapiri uko, madzi amadzera muno. Akapita amasiya chizindikiro m'mitengo, kuti wobwera aone pomwe adalekeza. Simunaone udzu m'nthambi?"

"Tinauona," adayankha Wadha. "Akuti ndi zisa."

Farhan adakanda ndevu. "Aliyense amandifunsa tsiku loyamba chifukwa chomwe ndimawagoneka pamiyala, ndipo ndimamuuza. Inu nokha simunafunse. Ndimayesa mukudziwa, poti ndinu aphunzitsi."

M'mawa mwake madzi anali atapita, monga amachitira. Amuna a gulu adatsikira m'chigwa ndi zingwe ndi mafosholo. Kalavani inali itadzaza matope mpaka pabedi, injini itafa, bowa uja atapita kwawo. Mutlaq adaizungulira kawiri. Wadha adamukodola, namulozera m'mwamba. Pafupi ndi nsapato ija panali patakodwa katani wabuluu wa pawindo la kalavani, yemwe adasoka yekha.

"Taonani, bambo a Nayif. Mbalame zanu zija zamanganso chisa."

Funso linali pakhosi pa Mutlaq masiku atatu, woyankha ali pamkeka woyandikana naye. Akuluakulu sadaname: safunsa adadya phula.